Mtengo wa Ena Onse

Mkulu wanga ku polisi ali ndi luso limodzi lokha. Amaununkhiza mlandu wodwalitsa mutu udakali pachipata, n'kuuponya pa tebulo langa. Tsikulo sanadzutse n'komwe nkhope pa nyuzipepala.

"Mayi, ku situdiyo yojambulira nyimbo ija akuti kwabedwa kiyi. Kaoneni loko, mubwereko msanga."

Ndinapita wapansi, poti galimoto ya pa ofesi imapezeka ndi mafuta akuluakulu akafuna kuyenda basi. Situdiyoyo ili kuseri kwa mashopu, pakati pa malo ometera ndi kakontena kokonzera mafoni. Loko ndinamupeza ali bwinobwino, chitseko chosathyoka, zenera losasweka. M'kati munali motentha, makoma okutidwa ndi matiresi akale, masipika awiri, kompyuta, ndi galasi loonera kachipinda kena koimbiramo. Pakhomo panapachikidwa kabasiketi komwe aliyense wolowa amaponyamo foni kuti isalire nyimbo ili mkati. Yanga ndinakana nayo.

Mwini situdiyo anthu amangomutchula kuti Mabatani, chifukwa zala zake sizikhala chete. Ndinamupeza maso ali psuu, ndevu zosameta. Pakona, pa mpando wapulasitiki, panali mayi wachikulire atavala zakuda, chikwama chili pamiyendo. Anandipatsa moni ndi mutu wokha.

"Kiyi wabedwayo ndi wa chitseko chiti?" ndinafunsa.

"Si wa chitseko, bwana," anatero Mabatani.

"Wa kabati?"

"Si kiyi wogwirika ndi manja. Ndi kiyi wa pulogalamu."

Ndinayang'ana fumbi la pa nsapato zanga, n'kukumbukira mtunda umene ndinayenda. Ndinakhala kaye pansi kuopa kulankhula zoti ndikalape mawa.

"Ndifotokozereni ngati mukufotokozera agogo anu," ndinatero.

Anafotokoza, koma ndikuuzani mwachidule chifukwa iye anazungulira nazo. Nyimbo amazipangira pa pulogalamu ya pa kompyuta imene anagula kalekale ku kampani ina yakunja. Ukagula amakutsegulira akaunti, ndiye kiyi akunenedwayo. Pakapita nthawi kampani imatulutsa pulogalamu yatsopano, ndipo wofuna kukweza yakale ija kuti ifanane ndi yatsopano amalipiranso.

"Koma taonani chimene chimandiwawa." Anatsegula tsamba la mitengo. "Mayiko olemera awa amalipira chonchi. Awa ndi amene kampani inawamvera chisoni n'kuwatsitsira, amalipira kachidutswa chabe. Tapezani dziko lathu."

Ndinayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ndinabwerezanso.

"Palibe."

"Lilipo. Ilo pansi penipenipo." Panali timawu tiwiri ta chilankhulo cha eni ake, iye n'kunditanthauzira. "Ena onse. Ndife ifeyo. Ndipo ena onse amalipira mtengo wa olemera. Umphawi wathu, bwana, ndi wosalembetsa."

"Zomvetsa chisoni. Koma umenewo si mlandu wa polisi."

"Mlandu ndi uwu. Munthu wina analowa mu akaunti yanga n'kunamiza kampani kuti ndinasamukira ku limodzi la mayiko otsika mtengowa. Anakweza pulogalamu pa mtengo wa kumeneko. Tsopano kampani yatulukira, yatseka kiyi. Akuti wakuba ndine! Ndikafuna kutsegula ndigule yonse mwatsopano, osatinso pa mtengo wokwezera ayi. Ndalama yake mungagule njinga yamoto ndi chisoti, n'kutsalako chenji."

"Bwererani ku yakale ija."

"Yakale siwerenga ntchito yopangidwa ndi yatsopano. Amapangira dala." Analoza mayi uja ndi maso, mawu n'kutsika. "Nyimbo zonse za malemu a Nsambo zatsekeredwa m'menemo. Chimbale chawo chomaliza. Amayiwa ndi akazi awo. Amabwera m'mawa uliwonse, kukhala pampandopo mpaka ndikatseke."

A Nsambo ndinkawadziwa, monga aliyense amene anavinapo pa ukwati wa munthu. Anali woimba gitala wa mawu okoma, ndipo chifuwa chinawatenga miyezi ingapo yapitayo.

Mayi uja analankhula koyamba. "Ine za makiyi sindizidziwa, mwana wanga. Ndikungofuna mawu a amuna anga. Sanandilole kumvako ngakhale nyimbo imodzi. Ankangoti ndidzamva zikatha."

Mkwiyo wanga wa fumbi unachepako. Ndinatembenukira kwa Mabatani.

"Kampani ikuti zinachitika liti?"

"Lachiwiri lina masana, a Nsambo adakali moyo. Tinali pa nyimbo yomaliza."

"Inu munali kuti?"

"Mita inayamba kulira, ndiye ndinathamangira kukagula mayunitsi a magetsi. Ndinakapeza mzere wofika kumsewu."

"Munasiya ndani muno?"

"Palibe. A Nsambo okha, m'koimbiramo, akupuma."

"Foni yanu?"

Anayang'ana kabasiketi kaja n'kukanda m'mutu.

"Ndiye mwabwera, mwapeza pulogalamu yatsopano ikukumwetulirani. Simunadabwe? Munati yagwa ndi mvula?"

"Ndinkati alipira ndi achemwali anga. Ndi amene amasunga thumba la situdiyo."

"Munawafunsa?"

Zala zake zinaima kwa nthawi yoyamba.

"Sitinkalankhulana."

* * *

Mlongo wake wa Mabatani amagulitsa makatani ndi nsalu za pabedi pakhomo pa msika. Ndinamupeza akudula nsalu, ndipo sizasi sanaiike pansi nthawi yonse imene tinalankhula. Amalankhula ngati wina akumuthamangitsa.

"Ine? Ndilipire chinthu chosaoneka? Mayi, ine ndimagulitsa nsalu. Munthu akalipira amanyamula, akafika kunyumba amapachika, alendo amaona. Achimwene ankabwera pano tsiku ndi tsiku, tikweze, tikweze. Ndikuti yakaleyo yang'ambika? Akuti ayi. Yasuluka? Akuti ayi. Ndiye tikweze chiyani? Chinthu tinagula kale tigulenso? Ndinawatsatira ku situdiyo komweko, tinakangana mpaka ometa aja anazimitsa makina kuti amve bwino."

"Ankaifuniranji yatsopanoyo?"

"Akuti ili ndi chida chochotsa zinyalala m'mawu a munthu. A Nsambo aja chifuwa chinali chitawagwira kale. Akakoka mpweya kunkamveka kuti fwii, ngati tayala lobooka. Achimwene akuti yakale singachotse zimenezo. Ine ndinati aziimba choncho, ofuna kumva amva." Sizasi inaima pakati pa nsalu. "Ndinanena iwo ali pomwepo, kuseri kwa galasi. Ndinkati sakumva. Mpaka lero zimandiwawa."

"Nanga mutamva kuti pulogalamu yakwezedwa?"

"Ndinati achimwene ali ndi kathumba kobisa. Ndinapsa mtima, koma ndinati ndione ngati aulula okha. Iwo kumandilambalala mwaulemu, maso pansi. Ine ndimvekere, ehe, chikumbumtima."

"Iwo ankati mwalipira ndinu, mukudikira zikomo."

"Ine?"

Ndinagwira mutu. Anthu obadwa mimba imodzi, miyezi yathunthu aliyense akuganizira mnzake, chifukwa palibe wofuna kuyamba kutsegula pakamwa. Mmodzi akanangofunsa funso limodzi, bwenzi ine ndili pa ofesi ndikumwa tiyi.

"Munthu angalowe bwanji mu akaunti ya achimwene anu?"

"N'zovuta? Pogula yoyamba ija ndinalipo. Ukafuna kusintha chilichonse amatumiza nambala yachinsinsi pa foni ya achimwene. Ndipo foniyo imangogona m'kabasiketi tsiku lonse, yosakhoma, chifukwa eni ake amaiwala manambala. Ngakhale nkhuku itha kuwerenga." Anawerama, sizasi n'kundiloza nayo pachifuwa. "Mukufuna munthu? Kafunseni wamafoni uja. Amadzitama pometetsa kuti kompyuta atha kuisamutsira dziko lililonse, iyo ili phee pa tebulo."

Ndinabwerera komwe ndinachokera, thukuta lili kamukamu. Kakontena ka mafoni ndinakapeza kotseka, maloko awiri. Ometa anati mwini wake anangoona yunifolomu ikulowa mu situdiyo m'mawa, n'kukumbukira kuti ali ndi maliro.

* * *

Akazi a malemu anali akutuluka, Mabatani akukhoma chitseko cha situdiyo. Ndinawaperekeza, poti nyumba yawo sinali kutali ndipo ndinalibe wina womufunsa.

Pabalaza pawo panali paukhondo mopitirira, ukhondo wa nyumba imene mulibenso wodetsa. Pa kabati panali wailesi yaikulu yakale, yovundikiridwa ndi kansalu. Pakhoma panali msomali wopanda kanthu, ndipo utoto wa pamenepo unali wowala kuposa pena ponse, mooneka ngati chiuno cha munthu.

"Panali gitala pamenepo," anatero mayiwo ataona komwe ndikuyang'ana.

"Ili kuti?"

"Anatuluka nayo m'mawa wina kupita ku situdiyo, madzulo anabwera chimanjamanja. Anati aisiya komweko kuti asamavutike kunyamula. Atamwalira ndinafunsa a Mabatani, akuti iwo ankaganiza kuti anapita nayo kunyumba. Ndinachita manyazi kulimbana ndi mwana wa eni pa nkhani ya gitala, munthu akundikonzera nyimbo."

"Bwanji simunanene m'mawa muja?"

"Munafunsa za kiyi."

Anthu a mlandu uwu onse anali ndi nthenda imodzi, yosunga mawu ngati adzawagulitsa.

"Linali tsiku lanji?"

"Lachiwiri. Linali tsiku lawo la kuchipatala, ndipo anajomba. Tinakangana."

Gitala ndi kiyi zinasowa tsiku limodzi. Ndinadzuka n'kuyendayenda pabalazapo, ndipo ndinavundukula kansalu ka pa wailesi, mwa chizolowezi cha ntchito basi. Pambali pa chokwezera mawu panali kadontho kofiira ka utoto wa m'zikhadabo.

"Aka n'kachiyani?"

Mayiwo anamwetulira, koyamba tsiku lonselo. "Malire amenewo. Ndinawaikira ndine, kuti asamapyole pamenepo. Bambo aja analibe wailesi yolira pang'ono. Kukacha wailesi, wailesi ikazima gitala, gitala ikagona iwo kuimba m'bafa. Ine ntchito yanga m'nyumba muno inali kukuwa kuchokera kukhitchini. Mpaka dzina langa lenileni analiiwala, anandipatsa lina la zomwezo." Anabwezera kansalu pa wailesi, n'kukasalaza ndi dzanja. "Zaka zonsezi ndinkalimbana ndi phokoso. Lero ndikulifuna, palibe."

Dzinalo sindinafunse. Maganizo anga anali pa maloko awiri aja.

* * *

M'mawa mwake ndinalawirira, ndipo sindinavale yunifolomu. Ndinaima pamalo ometera ngati mayi wodikira mwana, mpaka wamafoni anafika, kusuzumira uku ndi uku, n'kutsegula kakontena kake. Ndinalowa asanapachike n'komwe machaja.

Anandizindikira nthawi yomweyo, koma mano onse anali panja. "Amayi a boma! Mwatiyendera! Foni yavuta? Kwa inu galasi ndi laulere, kuika komwe."

"Maliro anayenda bwanji?"

"Aaa, anali a kutali. Tinangotumiza chipepeso."

"Situdiyo iyi mumalowamo?"

"Ine? Timangopatsana moni ndi a Mabatani. Za nyimbo ine ndi kutali, ndimangovina."

"Akuti mumasamutsa makompyuta kupita nawo kunja osakwera ndege."

"Nkhani za pometetsa, amayi! Munthu ukakhala pa mpando uja umangolankhula kuti lezala lisakuwawe. Ndiponso Lachiwiri ine sindikhala kuno. Ndimakhala kooda katundu tsiku lonse, funsani aliyense."

Ndinamuyang'ana mpaka mano aja anabwerera m'kamwa limodzilimodzi.

"Ndani wanena za Lachiwiri?"

"Si mwanena inu?"

"Sindinanene."

"Ndiye ndi ometa. Kapena ndinalota. Amayi, mukudziwa, kutentha kuno..."

Ankalankhula akubwerera m'mbuyo, ndipo kakontenako ndi kakang'ono. Msana wake unagunda katani yotchinga kuseri. Kumbuyo kwa kataniyo china chake chinagwedezeka, n'kulira chapansipansi kuti ndiii.

Mafoni salira choncho. Ndinakoka katani.

* * *

Gitala inali itatsamira makatoni a mabatire, matabwa ake atayera pomwe pankakhudza dzanja la mwini wake. Wamafoni anakhala pa kampando kake, manja pamutu, chinenero chonse chitauma.

"Sindinabe, amayi. Anachita kundipatsa eni ake."

"Eni ake ati?"

"A Nsambo. Anagogoda pakhoma a Mabatani atangotuluka. Anandigwira mwendo, munthu wamkulu ngati uja. Akuti mphwanga, ndamva umadziwa njira yotsika mtengo, ndikwezere pulogalamuyi. Ndalama ndilibe, tenga gitala. Ine ndinalipira ndi khadi langa pa mtengo wa dziko lina lija, iwo n'kundiwerengera nambala pa foni ya m'kabasiketi. Basi."

Ndinaseka, koma osati mokondwa. "Pa ntchito yangayi, aliyense wogwidwa ndi katundu wa malemu amati anachita kupatsidwa. Mumasankha mboni yoti siingakutsutseni. Bambo wodwala, woti mwina ngakhale uthenga pa foni ankachita kulemberedwa, akonze chiwembu cha pa intaneti? Mwaona chitseko chotsegula, mwanyamula gitala, mwaseweretsa akaunti ya eni kuti mukadzitame pometetsa. Tiyeni ku ofesi."

"Ndikulumbira! Ndinawachenjezanso kuti kampani ikadziwa imatseka!"

"Umboni?"

"Tinali awiri basi. Ndinangolowa, ndinapeza kompyuta ikujambula, kachofiira kakuphethira, ndinazimitsa, ndinayamba ntchito. Palibe anationa."

Ndinali nditatulutsa kale unyolo. Ndinaubweza m'chikwama.

"Mwati ikutani?"

"Ikujambula."

"Munazimitsa mutangolowa, kapena mutalankhula kaye?"

Ndinamugwira mkono, dzanja linalo n'kunyamula gitala.

* * *

Mu situdiyo, akazi a malemu anali kale pa mpando wawo. Ataona gitala anaimirira, n'kukhalanso. Ndinaiika pamiyendo pawo, chikwama n'kuchitsitsa pansi.

"A Mabatani, tsiku lija potuluka munasiya makina akujambula?"

"Ndimatero nthawi zonse. Munthu amaimba bwino akamaganiza kuti palibe akumumvera."

"Ndiye dzulo bwanji simunandiuze?"

"Munafunsa kuti ndinasiya ndani."

Ndinawerenga matiresi a pakhoma mpaka mtima unatsika. "Zimene zinajambulidwazo zatsekeredwanso?"

Anayang'ana mayi aja, n'kuyang'ana pansi. "Zatsekeredwa ndi zophika, zomwe ndinatsuka n'kuzilumikiza ndi zida zina. Zaziwisi zilipo. Mawu momwe analowera, osakhudzidwa. Zimenezo zimaseweredwa ndi chilichonse."

"Zilipo?" anatero mayiwo. "Masiku onsewa ndakhala pano, zilipo?"

"Ndinawalonjeza malemu, amayi. Anandilumbiritsa kuti zaziwisi musadzazimve."

"Lonjezo lanulo lidikire kaye," ndinatero. "Pezani za Lachiwiri lija."

Anafufuza m'tizidutswa tambirimbiri topanda mayina, mpaka anapeza kena katalikatali kamene sanakatsegulepo, poti ankati ndi chete wokhawokha. Anadina.

Poyamba anamveka Mabatani mwini wake: "Ndikubwera pompano, madala, muziyeserera." Chitseko chinatsekeka. Gitala inalira pang'ono n'kusiya. Kenako chifuwa, chachitali, chochokera pansi penipeni. Mapazi okhwekhwereza, kugogoda pakhoma, chitseko kutsegukanso. Mawu ankamveka chapatali, koma ankamveka.

"Changu, mphwanga. Mzere wa magetsi sudziwika."

Mayi aja anagwira khosi la gitala ndi manja onse awiri.

"Madala, gitala yeniyeniyi?" Anali mawu a wamafoni. "Muziimbira chiyani?"

"Ya gitala ndamaliza. Kwatsala n'kutsuka mawu."

"Komatu kampani ikadziwa imatseka."

"Izidzadziwa chimbale chitatuluka. Iwe kweza basi. Nayi foni, nambala yabwera. Koma Tsitsani asamve."

Mabatani anaimitsa. "Akuti tsitsani, asamve. Atsitse mawu kuti asamve ndani? Ine? Pali munthu wachitatu, bwana!"

"Inenso ndinkati akunena mawu," anatero wamafoni. "Ndinayamba kunong'ona."

Ine ndinali nditaona kale kadontho kofiira kaja m'maganizo, ndi mayi akukuwa kuchokera kukhitchini. Ndinatembenuka.

"Amayi, dzulo munati anakupatsani dzina lina."

Sanandiyang'ane. Maso anali pa sipika.

"Ndine," anatero. "Tsitsani ndine. Pitirizani."

Mabatani anadinanso.

"Wachimva mokwanira chifuwa chimenechi," anatero mawu a malemu. "Wachitsukira mabeseni, wachiphikira madzi, sagona nacho tulo. Ndikapita asamachimvenso. Akatsegula wailesi azimva mwamuna amene anakwatiwa naye, osati wodwala uyu."

Kenako wamafoni: "Madala, kachofiiraka kakuphethira bwanji?"

Zinathera pomwepo.

* * *

Ndagwirapo akuba ambiri, ndipo ndimakonda mlandu wothera pa unyolo. Uwu unandisiya ndi mkwiyo wopanda poutula. Wokonza chiwembu anali m'manda, ndipo anachikonza ndi chikondi. Wodandaula ndiye amene anasiya foni m'kabasiketi. Amene anaika mtengo woti munthu agulitse gitala yake anali kutsidya kwa nyanja, mwina akumwa khofi, osadziwa n'komwe kuti dziko lathu lili ndi dzina.

Wamafoni yekha ndiye anali pafupi, ndiye ndinayambira iye.

"Inu munadziwa kuti adzatseka. Munalandira gitala ya munthu wodwala pa ntchito ya kachidutswa, ndipo atamwalira munaibisa kuseri kwa katani, amayiwa akudutsa pakhomo panu m'mawa uliwonse. Gitala yabwerera kwawo. Mawa mubwere ku ofesi, mudzafotokoze bwino za maliro anu a kutali aja."

"Nanga zomwe ndinalipira ndi khadi langa?"

"Kafunseni kampani."

Anatuluka chamutu pansi. Mabatani anali atagwira m'chiuno, akuyang'ana kompyuta ngati akufuna kuimenya.

"Ndawalembera kangapo, bwana. Amayankha ndi makina. Akuti zikomo potilembera, mwaphwanya malamulo, mtengo ndi uwu. Ndikanena kuti munthu wamwalira, akuti zikomo potilembera. Inu simungawamange?"

"Unyolo wanga sufika kumeneko."

"Ndiye basi? Munthu anagulitsa gitala, ine ndinatsuka mawu ake mpweya umodziumodzi mpaka anamveka ngati mnyamata, ndipo zonsezo zikhale m'bokosi chifukwa ndife ena onse?"



"A Mabatani," anaitana mayi aja. Misozi inali itauma m'masaya, mawu ali olimba ngati dzulo. "Zophikazo zidzatseguka liti?"

"Sindikunamizeni, amayi. Mpaka titapeza ndalama yonse. Mwina chaka chamawa. Mwina kupitirira."

"Zaziwisizo zilipo nyimbo zonse?"

"Zonse. Koma ndi gitala ndi mawu basi. Ndipo muli chifuwa, amayi. Muli kupuma konse kuja. Ndi zimene iwo sanafune."

"Iwo sanafune zambiri. Kuchipatala sanafune, malaya a mphepo sanafune. Ine ndinakhala ndi munthu ameneyo, chifuwa chake chomwe. Ikani."

Mabatani anandiyang'ana ngati lamulo lili ndi chonena pa nkhaniyi. Ndinakweza mapewa. Anasankha kachidutswa kena n'kudina.

Gitala inayamba, yofewa, yosathamanga. Kenako a Nsambo anakoka mpweya, ndipo unamvekadi kuti fwii, monga ananenera mayi wa makatani. Mawu anatuluka okanda, otopa, koma anali awo, omwe aja tinkavina m'maukwati. Pakati pa ndime anatsokomola, n'kupepesa kwa munthu amene panalibe, n'kupitiriza. Mabatani anachita manyazi m'malo mwa malemu. Zala zake zinakwawira pa batani, n'kuyamba kutsitsa pang'onopang'ono.

"Kwezani," anatero mayiwo.

Anakweza pang'ono.

"Ndati kwezani."

Anakankha batani mpaka kumapeto. Galasi linanjenjemera, mafoni a m'kabasiketi anagundana, nsambo za gitala ya pamiyendo pawo zinayamba kulira zokha. Mayiwo anatsinzina, dzanja lili pa matabwa oyera aja.

Posakhalitsa mmodzi wa ometa anabwera, makina ali m'manja, kudzadandaula kuti makasitomala sakumvana. Ndinamubweza pakhomo ndine.